Phiri la Mulanje silithera pa Muloza

Inu amene mwalemba nkhani yonena kuti Phiri la Mulanje likufunika chitetezo, mwalemba bwino, koma mwalitchula ngati munda wa boma lokha, anthu okhala m'munsi mwake osawatchula n'komwe. Ine ndimakhala ku Ndirande kuno ku Blantyre, koma kwathu ndi ku Muloza. Kumeneko malire ndi mtsinje chabe. Agogo anga Alomwe anali ndi abale ku Milange, ku Mozambique, ndipo mpaka lero m'mamawa mumakumana ndi njinga zitasenza matumba a chimanga zikuwoloka, woyendetsa thukuta lili kamukamu.

Nkhalango ya phirili idakhazikitsidwa mu 1927, ndipo Phalombe idapatulidwa ku Mulanje mu 1998, ndiye phiri limodzi lili ndi maboma awiri, mafumu ambiri, kuphatikizapo a zankhalango. Mkungudza ukamatha, aliyense amaloza mnzake. Madzi ochokera pamwamba pa Sapitwa, nsonga ya phirili yotalika mamita 3,002, sadziwa DC wa Mulanje kapena wa Phalombe. Tidaona mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula matope ndi miyala, midzi ikukwiririka usiku umodzi.

Ifenso a m'tauni tisaiwale kuti ena mwa madzi otuluka m'mipopi yathu amachokera ku mtsinje wa Likhubula, pa phiri lomweli. Mayi anga akatunga madzi m'chitsime chamatope pomwe paipi ikudutsa kupita ku Blantyre, mtima umandiwawa. Mafumu a m'munsimo apatsidwe mpando weniweni pokonza za phirili, ndipo a Milange aitanidwenso.