Nkhwangwa imodzi, mabala osiyana: atolankhani a zamasewero ku America ndi ku Canada

Lolemba pa 12 June 2023, The Athletic, tsamba la nkhani zamasewero lomwe munthu amawerenga akalipira pamwezi, lidauza atolankhani ake pafupifupi 20 kuti ntchito yatha. Lachitatu la sabata yomweyo, kutsidya kwa malire, kampani ya Bell ku Canada idalengeza kuti ikudula ntchito 1,300 ndi kutseka mawailesi 6. Imodzi mwa wailesizo idali TSN 1260 ya mumzinda wa Edmonton, ya zamasewero zokhazokha, ndipo adaizimitsa m'mawa pulogalamu ili mkati. Mweziwo usanathe, ESPN, kanema wa zamasewero wa ku America, idachotsa anthu pafupifupi 20 omwe ankaoneka pa kanema. Pa 10 July nyuzipepala ya New York Times idati gawo lake la zamasewero lathetsedwa.

Zonsezi zidachitika m'milungu inayi, m'maiko awiri oyandikana omwe matimu awo amasewera m'maligi amodzi. Funso lomwe lakhala likundizunguza n'lakuti: mtolankhani wa zamasewero akagweredwa ndi nkhwangwa, kuli bwinoko n'kuti, kumwera kwa malirewo kapena kumpoto?

Ambiri a ife dzina la The Athletic tidalidziwira ku mpira wa ku England. Mtolankhani wake David Ornstein akanena kuti wosewera wakutiwakuti akupita ku Arsenal, mkangano wa pa WhatsApp umathera pomwepo. Koma kampaniyi si ya ku England. Adaiyambitsa Alex Mather ndi Adam Hansmann m'chaka cha 2016, ndipo mzinda woyamba kulemba za matimu ake udali Chicago. Wachiwiri udali Toronto, ku Canada. Ku England idangofikako mu August 2019. Lonjezo lake lidali losavuta kumva: lipirani pang'ono pamwezi, monga momwe timachitira ndi DStv, ndipo timu yanu idzakhala ndi mtolankhani wake wake, woitsatira kulikonse, wolemba mozama, patsamba lopanda otsatsa malonda. Atolankhaniwo ankawatenga ku nyuzipepala za m'mizinda powapatsa malipiro abwinoko. Mu 2017 Mather adauza New York Times mosabisa kuti adzadikira nyuzipepala za m'mizindazo zikhe magazi mpaka iwo atatsala okha. Pambuyo pake adapepesa, koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mu June 2020, masewero ataima chifukwa cha Covid-19, The Athletic idachotsa anthu 46. Kumayambiriro kwa 2022 New York Times idaigula pa madola 550 miliyoni, ili ndi olipira pafupifupi 1.2 miliyoni koma ikuluzabe ndalama chaka ndi chaka. Chaka chomwecho otsatsa malonda adalowa patsamba. Kenako padabwera kudula kwa 2023, komwe chiwerengero chake n'chochepa, pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse a m'chipinda cholembera nkhani, koma tanthauzo lake n'lalikulu. Akuluakulu adanena poyera kuti asiya zoti timu iliyonse ikhale ndi mtolankhani wake, ndipo aika mphamvu pa nkhani zokopa anthu ambiri nthawi imodzi. Chimene adagulitsira anthu poyamba chidathera pamenepo.

Ku America munthu amalembedwa ntchito pa mfundo yakuti bwana akhoza kumuchotsa tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, malinga ngati si tsankho kapena chifukwa china choletsedwa ndi lamulo. Zili chomwecho m'zigawo zonse kupatula Montana. Lilipo lamulo la 1988 lotchedwa WARN, lokakamiza makampani a antchito 100 kapena kuposerapo kuchenjeza masiku 60 asanachotse khamu la anthu, koma limayamba kugwira ntchito ochotsedwawo akafika 50. Anthu 20 salowamo. Ndalama zotsanzikira zimadalira mtima wa kampani kapena mgwirizano womwe bungwe la ogwira ntchito lidasainirana ndi mabwana. Choopsa kwambiri ndi chipatala. Inshuwalansi ya zaumoyo ya anthu ambiri ogwira ntchito imadzera kwa olemba ntchito, choncho kalata imodzi imachotsa malipiro ndi dokotala yemwe. Wofuna kuisunga kwa miyezi ingapo amaloledwa, koma alipire yekha mtengo wonse, pa nthawi imene m'thumba mwauma.

Ku Canada munthu yemweyo amagwera pofewa pang'ono. Ku Ontario, chigawo chomwe kuli Toronto, mwachitsanzo, lamulo limafuna chenjezo kapena malipiro ake a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe munthu wagwira, mpaka masabata 8. Wogwira zaka 5 kapena kuposa pa kampani yaikulu amalandiranso ndalama zina zotsanzikira, ndipo makhoti nthawi zambiri amalamula zochuluka kuposa pamenepa kwa amene wakalambira pantchito. Kuonana ndi dokotala ndi kugonekedwa m'chipatala n'za boma, sizichoka ndi ntchito, ngakhale mankhwala ogula ndi za mano ambiri amadalirabe inshuwalansi ya kuntchito. Pa mbali iyi ine sindizengereza. Kholo la ana awiri lochotsedwa ntchito ku Toronto limagona tulo tabwinoko kuposa mnzake wa ku Cleveland.

Koma kukacha, apita kuti?

Apa m'pamene Canada imandidetsa nkhawa. America ili ndi anthu opitirira 330 miliyoni, Canada pafupifupi 40 miliyoni. Matimu a ku Canada m'maligi akuluakulu ndi owerengeka: 7 mu NHL ya hockey, Toronto Raptors yokha mu NBA, Toronto Blue Jays yokha mu baseball, atatu mu MLS ya mpira wathu wamiyendo, kuphatikiza ligi yawoyawo ya CFL, ya mpira wofanana ndi American football, ya matimu 9. Olemba ntchito nawonso ndi owerengeka, ndipo akuluakulu ndi makampani awiri a mafoni ndi intaneti. Bell ndiyo mwini wamkulu wa kanema wa zamasewero wa TSN, Rogers ndiyo mwini wa kanema wopikisana naye wa Sportsnet. Rogers yomweyo ndi mwini wa Blue Jays. Kuyambira 2012 makampani awiriwa adagawana magawo 75 pa 100 a MLSE, kampani yomwe ili ndi matimu a ku Toronto a Maple Leafs, Raptors ndi Toronto FC, mpaka mu 2024 pamene Rogers idalengeza kuti ikugula gawo la Bell pa madola a ku Canada 4.7 biliyoni. Mu 2013 Rogers idalonjeza madola a ku Canada 5.2 biliyoni kuti izionetsa NHL kwa zaka 12, ndipo mu 2025 idasainiranso zaka zina 12 pa 11 biliyoni.

Taganizirani mtolankhani amene malipiro ake, timu imene akulemba, ndi kanema woonetsa masewerowo, zonse zili m'dzanja limodzi. Sindikunena kuti atolankhani a kumeneko amanama, ayi, alipo olimba mtima. Koma munthu wodziwa kuti makomo ogogodapo ndi awiri kapena atatu amayeza kawiri funso lililonse asanalifunse. N'chifukwa chake kubwera kwa The Athletic ku Toronto, Montreal, Ottawa, Winnipeg, Calgary, Edmonton ndi Vancouver kudali kofunika kwambiri ku Canada kuposa ku America. Idali nyumba yopanda timu yakeyake, yopanda mgwirizano wa kanema woti iuteteze. Idafikanso pa nthawi yake, chifukwa mu January 2016 kampani ya Postmedia idali itaphatikiza zipinda zolembera nkhani za nyuzipepala zopikisana ku Ottawa, Calgary, Edmonton ndi Vancouver, n'kudula ntchito 90. Mu 2023 Postmedia, yomwe magawo ake ambiri ali m'manja mwa kampani ya zachuma ya Chatham ya ku New Jersey, idadulanso 11 pa 100 alionse a olemba ndi akonzi. Nyumba ngati The Athletic ikabweza phazi ku America, mumzinda mumatsalabe nyuzipepala, mawailesi ndi masamba ena. Ikabweza phazi ku Winnipeg, mpata wotsalawo umaonekera patali.

Ndipo kadulidwe ka ku Canada si kaulemu monga anthu amaganizira. Mu February 2021 Bell idathetsa mawailesi a zamasewero a TSN ku Vancouver, Winnipeg ndi Hamilton tsiku limodzi. Ku Vancouver omvera adasiyidwa pulogalamu ili pakati, ndipo patapita masiku ochepa wailesiyo idayamba kuulutsa nthabwala. Mu February 2024 kampani yomweyo idalengeza kudula ntchito zina 4,800.

Wina angati: koma boma la Canada limathandiza atolankhani, pamene la America silichita zimenezo. N'zoona, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Bajeti ya 2019 idaika madola a ku Canada 595 miliyoni a zaka 5. Nyumba zofalitsa nkhani zovomerezeka zimabwezeredwa gawo la malipiro a atolankhani kudzera mu msonkho, poyamba 25 pa 100, kenako 35. Owerenga olipira nkhani za pa intaneti nawo ankachotseredwa msonkho pang'ono kwa zaka zingapo. Mu June 2023 momwemo, lamulo la Online News Act lidadutsa. Meta idakwiya n'kutseka nkhani pa Facebook ndi Instagram m'dziko lonselo kuyambira August, pamene Google idavomera kupereka madola a ku Canada 100 miliyoni pachaka.

Koma werengani mawu a malamulowo. Thandizolo n'la nyumba zolemba nkhani zokhudza anthu onse, monga ndale, makhoti ndi makhonsolo. Nyumba imene ntchito yake yaikulu ndi mutu umodzi siloledwa, ndipo pa mndandanda wa mitu yotchulidwa mwachindunji pali masewero. Tsamba la zamasewero zokhazokha, ngakhale likhale la mwana wa ku Saskatoon wolemba usiku ndi usana, lili kunja kwa mpanda. Apa ine ndimatsutsana nalo boma la Canada. Mabwalo amasewero amamangidwa ndi misonkho ya anthu. Nkhanza za makochi kwa ana, kuvulala kwa ubongo kwa osewera, ndalama za mabungwe oyendetsa masewero, zonsezi ndi nkhani za dziko. Amene adaulula mu 2022 kuti bungwe la Hockey Canada lidathetsa mwakachetechete mlandu wogwirira mtsikana polipira ndalama adali Rick Westhead, mtolankhani wa TSN, ndipo nkhaniyo idafika mpaka ku nyumba ya malamulo, akuluakulu a bungwelo n'kutula pansi maudindo. Ngati imeneyo si nkhani yokhudza anthu onse, ndiye iti?

Ku America kulibe dzanja la boma, koma msika ndi waukulu moti wogwa nthawi zina amapeza nthambi yogwira. Mu October 2019 olemba a Deadspin, tsamba la zamasewero lomwe linkalembanso za ndale ndi zina, adatula pansi ntchito onse atauzidwa kuti azilemba zamasewero zokha, ndipo chaka chotsatira adayambitsa Defector, tsamba lolipira lomwe eni ake ndi olembawo. Likuyendabe. Zoterezi zimatheka komwe kuli anthu okwanira oti kagulu kochepa ka iwo kakulipireni. Komabe si onse amene amaipeza nthambiyo, ndipo dzina lotchuka silitchinjiriza munthu. Mu January 2024 kampani yomwe inkasindikiza magazini ya Sports Illustrated idalephera kulipira eni dzinalo madola 3.75 miliyoni, chilolezo chidalandidwa, ndipo antchito ambiri adalandira makalata owachotsa. Ku New York Times komwe, atolankhani ndi akonzi pafupifupi 35 a gawo la zamasewero sadachotsedwe, adangosamutsidwira ku magawo ena, koma bungwe lawo lidadandaula kuti ntchito yawo yaperekedwa kwa anzawo a The Athletic omwe panthawiyo adalibe bungwe lowaimira.

Pali chinthu chimodzi chimene maiko awiriwa adachilandira ndi manja awiri mofanana: kubetcha. Khoti lalikulu la America lidatsegula chitseko mu May 2018. Canada idaloleza kubetcha pa masewero amodziamodzi mu 2021, ndipo Ontario idatsegula msika wake mu April 2022. Kampani ya nkhani zamasewero ya theScore ya ku Toronto idagulidwa ndi kampani ya njuga ya Penn ya ku America pa madola pafupifupi 2 biliyoni chifukwa cha kubetchako. Ndalama zilipo m'masewero, zochuluka kuposa kale. Kungoti zikupita kwa woonetsa masewero ndi kwa wotenga mabetcha, osati kwa munthu woima pakhomo la chipinda chovalira ndi kope lake.

Chimene ndaphunzira potsatira nkhaniyi n'chakuti kulipira pamwezi kumawerenga mitu. Kampani imaona pa kompyuta kuti nkhani iti yabweretsa olipira angati, ndipo nkhani imodzi ya Manchester United kapena Dallas Cowboys idzaposa nthawi zonse nkhani khumi za timu ya hockey ya Ottawa Senators. Kumapeto kwa 2024 The Athletic idayamba kupeza phindu kwa nthawi yoyamba chigulidwire, ndipo ndimakondwera nazo, chifukwa anthu mazanamazana akudyerabe pamenepo. Koma phindulo ladza m'njira yosiyana ndi lonjezo la 2016, ndipo otsala m'mbuyo ndi mizinda yaing'ono. Ku America mizinda yotereyi ndi Cincinnati, Buffalo, Sacramento. Ku Canada, kupatula Toronto, Montreal ndi Vancouver, pafupifupi mzinda uliwonse wokhala ndi timu ndi wotero.

Choncho yankho langa lili pawiri, ndipo sindikufuna kulisalaza. Tsiku lolandira kalata, ndi bwino kukhala ku Canada. Chaka chimodzi pambuyo pake, ngati munthu akufunabe kukhala mtolankhani wa zamasewero osati wolankhulira kampani ya inshuwalansi, mwayi uli ku America. Mwa ziwirizi, chosavuta kukonza ndi cha Canada, chifukwa sichifuna kusintha chiwerengero cha anthu kapena mtima wa Rogers. Chimafuna aphungu a ku Ottawa abwerere ku ndime ija ya lamulo la msonkho, achotsemo liwu lakuti masewero.