Mphaka Naye Amamva Ludzu

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Aneba anga kuno ku Chitakale anapita kumaliro Lachisanu, n'kutsekera mphaka m'chipinda cha matumba a chimanga kuti azigwira makoswe. Madzi sanamusiyire ngakhale dontho. Mu Okutobala muno, nyumba yake yamalata! Tinkangomva kulira usiku ndi usana mpaka Lolemba pomwe anabwera. Kanyamako kanatuluka kakudzandira, maso atalowa m'kati, n'kupita pangalande ya kubafa kukanyambita madzi a sopo. Nditakatsina chikopa cha pakhosi, chinangoima osabwerera. Thupi linali litauma.

Ndinati, "Mayi, mwachitiranji zimenezi?" Akuti, "Aaa achimwene, mphakatu savuta, amadya makoswe."

Khoswe ndi chitsime? Inuyo mutadya ndiwo za nyama masiku atatu osamwa madzi mungakhale bwanji? Mphaka amafuna madzi, anthuni. Wolemera makilogalamu 4 amafunika madzi okwana ngati kapu imodzi patsiku, kuphatikiza a m'chakudya. Kapu imodzi yokha! Ndiye tikukhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, Likhubula akuyenda chaka chonse, mpopi uli pakhomo, chiweto n'kumauma kukhosi?

Vuto lake mphaka amapirira ludzu, poti makolo ake anali a kumalo ouma, ndiye mwini wake amaona ngati zonse zili bwino pamene impso zikuwonongeka. Tikamupatsa mkute wa nsima ndi usipa wamchere, ludzulo limawirikiza. Ena amati bola mkaka. Mkaka si madzi, ndipo amphaka akuluakulu ambiri umawatsegula m'mimba.

Kumayiko akunja anthu amafika pogula timipopi tamagetsi tozungulitsa madzi, chifukwa amphaka ena amakonda madzi oyenda. N'chifukwa chake wanga amadikirira pampopi pakamadontha. Sindikunena kuti mugule zimenezo, ndi magetsi ozimazimawa. Kambale basi. Mukatsuke, muthiremo madzi abwino m'mawa uliwonse, mukaike pamthunzi kutali pang'ono ndi pomwe amadyera. Mukamachoka, siyani kiyi kwa mnansi. Ine ndinalipo, bwenzi nditamupatsa.

Walira mvula walira matope. Munakapempha nokha kamphakako kali kakang'ono, munakanyamula m'thumba nokha. Mukufuna chimanga chanu chisadyedwe, koma mlonda wakeyo kumupatsa madzi mukuona ngati ntchito. Ngati simungathe, kabwezeni komwe munakatenga.

Ndipo inu amene mumathira tameki m'madeya n'kusiya paliponse, mukudziwa kuti mphaka akadya khoswe wofa ndi mankhwalawo nayenso amatha kufa? Chaka chatha ndinakwirira wanga woyamba kuseri kwa nthochi, thovu lili kukamwa. Mpaka pano palibe amene anavomera.