Mafilimu a mbiri yakale aku Russia: abwino kwambiri ndi omwe boma lawo linawatsekera mkabati

Pali anthu akumandifunsa ku inbox kuti iwe chakulowa nchani masiku ano, ukungoposta zithunzi za black and white za azibambo andevu atavala zikopa ngati akudwala malungo. Ndiyankhe pano kamodzi nkamodzi. Kwa miyezi ingapo tsopano bandulo yanga ya usiku ikuthera pa channel ya Mosfilm pa YouTube, iyi ndi situdiyo yayikulu ya mafilimu ku Moscow ndipo anaika mafilimu awo akale ambiri ulere, ena ali ndi ma subtitle achingerezi. Ndinalowamo mwangozi, ndimafuna filimu ya nkhondo basi, zija zoti mfuti phuu phuu munthu nkugona. Ndatulukamo ndi maganizo, ndipo amene angatsutse atsutse mma comment.

Maganizo anga ndi awa. Ku Russia filimu ya mbiri yakale sikhala ya kale ayi. Akamajambula mfumu ya zaka 400 zapitazo, aliyense muholo amadziwa kuti akunena bwana amene ali pampando lero, ndipo bwanayo naye amadziwa. Nde popeza ndalama zojambulira zimachokera kwa bwana yemweyo, opanga filimu amakhala ngati munthu woyimba pa ukwati wa mwana wa mfumu, uyimbe zotamanda kapena mawa usamuke mmudzi. Amene ndimawapatsa ulemu ine ndi aja anayimba zotamandazo koma mkati mwake nkuponyamo mawu oti mfumu ikafika kunyumba iyambe kudzifunsa kuti kodi paja amanena ine eti.

Tiyambe ndi Sergei Eisenstein poti ndi agogo a zonsezi. Mu 1938 anatulutsa Alexander Nevsky, nkhani ya kalonga amene anagonjetsa asilikali achijeremani apakavalo pa nyanja yowuma ndi chisanu mu 1242. Nyimbo zake anapeka ndi Prokofiev ndipo nzoti ukamamva tsitsi limayima. Chosekesa nchoti nkhondo ya pa ayezi ija anajambula nthawi yotentha, chipale chonse mukuona chija nchopanga, anthu akutuluka thukuta mkati mwa zitsulo. Filimuyi inali uthenga kwa Hitler kuti ukabwera kuno uona. Koma mu August 1939 Stalin ndi Hitler anasayinirana pangano loti asamenyane, basi filimu ija anaichotsa mmaholo poti ikunyoza anzathu atsopano. June 1941 Hitler walowa ndi akasinja, filimu yomweyo aitulutsanso, onerani anthu inu, onerani. Filimu yake yomweyo, palibe chimene anasinthamo, chinasintha ndi nkhope ya bwana basi.

Koma nkhani yeniyeni ndi Ivan the Terrible. Stalin ankamukonda Ivan, mfumu ya mma 1500 imene inapha anthu ake omwe osawerengeka, ankadziona mwa iyeyo. Nde anafuna filimu yoonetsa kuti nkhanza zija zinali zofunika kuti dziko ligwirane. Eisenstein anajambula nkhondo ili mkati, situdiyo itasamutsidwira ku Alma-Ata ku Kazakhstan. Gawo loyamba Ivan ndi mnyamata wamasomphenya, adani ake ndi mbava za mafumu ang'onoang'ono, Stalin anasangalala mpaka filimu inalandira mphotho ya Stalin Prize. Gawo lachiwiri ndi pamene zinavuta. Ivan uja, amene ankasewera ndi Nikolai Cherkasov, wasanduka nkhalamba yokayikira aliyense, ndevu zosongoka ngati nyanga, chithunzithunzi chake pakhoma chachikulu kuposa iye mwini, alibe mnzake ndi mmodzi yemwe, ndipo apolisi ake achinsinsi otchedwa oprichniki akuvina movala zakuda ndi zofiira ngati ziwanda. Chigawo cha gule chija ndi chokhacho chachikulu chili ndi mitundu, anajambulira pa filimu ya Agfa imene asilikali analanda ku Germany. Munthu aliyense amene anakhala ku Moscow mu 1937, nthawi imene apolisi achinsinsi a Stalin ankagwira ndi kupha anthu osawerengeka, akaona zimenezi sakanafunsa kuti akunena ndani.

Makolo anati kukana nsalu ya akulu nkuviika. Eisenstein sanakane ntchito, anaigwira, koma nsalu inabwera yonyowa. Chipani cholamula chinaletsa gawo lachiwiri mu 1946, amati wapanga Ivan kukhala munthu wofooka wamaganizo ngati Hamlet ndipo ma oprichniki akuoneka ngati a Ku Klux Klan, gulu lija la azungu atsankho ku Amereka. February 1947 Stalin anaitanitsa Eisenstein ndi Cherkasov ku Kremlin usiku, akuluakulu ake Molotov ndi Zhdanov ali pompo, kukawaphunzitsa mbiri. Tangoganizani mtsogoleri wa dziko lalikulu chonchija, nkhondo yangotha kumene, anthu akugona ndi njala, iye wakhala pansi kukambirana za mmene Ivan azionekera mu filimu. Eisenstein anali atadwala kale mtima, anamwalira mu February 1948 ali ndi zaka 50, gawo lachitatu silinathe. Gawo lachiwiri anthu analiona mu 1958, onse awiri iye ndi Stalin ali mmanda. Ndipo ine ndikuti pa magawo awiriwa labwino ndi loletsedwalo, kutalitali.

Ife a kuno izi sizachilendo kwenikweni, akuluakulu amene anakula nthawi ya Censorship Board ija ya mma 70 ndi 80 angakuuzeni mmene anthu ankalankhulira mophiphiritsa, nyimbo ya kalulu koma aliyense akudziwa kalulu wake. Mwina nchifukwa chake mafilimu awa amandilowa msanga.

Tsono pali mbali ina imene sindingabise, ndipo apa ndi pamene ndimasokonekera. Boma lomwelo lotseka pakamwa ndi limene linkapereka zinthu zoti munthu wina aliyense sangazipeze. War and Peace ya Sergei Bondarchuk, magawo 4, pafupifupi maola 7, inatuluka 1966 mpaka 1967. Chinawapweteka ndi choti Amereka anali atapanga kale yawo mu 1956, Audrey Hepburn ndi amene anali Natasha, ndipo anthu ku Soviet Union anaikonda. Nde boma linati ayi, buku la Tolstoy ndi lathu. Anatsegula ma museum kuti abwereke mipando ndi zinthu zenizeni za nthawi ya Napoleon, anapereka asilikali enieni masauzande kuti avale mayunifolomu a 1812 nkumathamanga mu utsi pa nkhondo ya Borodino. Kulibe kompyuta apa amangwetu, kadontho kalikonse mukuona kumapeto kwa chigwa ndi mwana wa munthu. Bondarchuk mwini anasewera Pierre, anali wamkulu kuposa Pierre wa mbuku ndipo zimaoneka, Natasha anatenga Lyudmila Savelyeva mtsikana wovina ballet amene anthu sankamudziwa. Bamboyu mtima unamugwira ntchito ili mkati, anatsala pang'ono kufera filimu. Inapata Oscar mu 1969. Ndi yokongola zedi, sindikukana, ndinaonera masiku anayi motsatizana. Koma itatha ndinangoti eee anthuwa anali ndi ndalama. Sinandisowetse tulo.

Imene inandisowetsa tulo ndi Come and See ya Elem Klimov, 1985. Iyi sindikulimbikitsa aliyense kuonera ndi ana kapena akudya. Ndi za ku Belarus mu 1943, kumene ma Nazi anawotcha midzi 628 pamodzi ndi anthu ake. Analemba limodzi ndi Ales Adamovich amene iye mwini anali mnyamata mmagulu a zigawenga zolimbana ndi Ajeremani kunkhalango. Mnyamata wosewera, Aleksei Kravchenko, anali wa zaka 14 zokha, ndipo mmalo ena ankawombera zipolopolo zenizeni pamwamba pa mutu wake. Filimu ikamayamba ndi mwana, ikamatha nkhope ndi ya nkhalamba. Apanso akuluakulu anaikhalira script zaka zambiri asanalole. Klimov yemweyo filimu yake ya Rasputin yotchedwa Agony anamaliza mu 1975 koma kwawo inaonetsedwa mu 1985. Mkazi wake Larisa Shepitko naye anali dayilekitala woopsa, The Ascent yake inapambana Golden Bear ku Berlin mu 1977, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1979 akukonzekera filimu ina. Klimov atatha Come and See sanapangenso filimu mpaka imfa yake mu 2003.

Wina anena kuti zimenezo nzakale, chikomyunizimu chinatha 1991. Chinatha inde, ndipo kwa kanthawi zinthu zinamasuka, Burnt by the Sun ya Nikita Mikhalkov yonena za nthawi ya Stalin inatenga Oscar mu 1995, Sokurov anapanga Russian Ark mu Hermitage, museum yayikulu ya ku St Petersburg, kamera osazimitsa ngakhale kamodzi kwa ola ndi theka, anthu pafupifupi 2,000, tsiku limodzi mu December 2001. Koma khalidwe lija silinafe. Taonani nkhani ya asilikali 28 a kazembe wankhondo Panfilov, amene amati anaimitsa akasinja a Ajeremani pafupi ndi Moscow mu November 1941 nkufa onse. Ofufuza a asilikali a Soviet omwewo anapeza mu 1948 kuti nkhaniyi anaikometsera ndi atolankhani a nyuzipepala ya asilikali, ena mwa akufawo anapezeka ali moyo. Mkulu wa malo osungira zikalata za boma, Sergei Mironenko, anatulutsa lipotilo poyera mu 2015, nduna ya zachikhalidwe Vladimir Medinsky inakalipa, 2016 Mironenko wachoka pampando, chaka chomwecho nduna ija yati nthano iyi ndi yopatulika osaigwira, filimu ya asilikali 28 aja yatuluka, unduna utathandizapo ndalama. Kenako 2017 Matilda ya Aleksei Uchitel, yonena za chibwenzi cha Nicholas II, mfumu yomaliza ya Russia, ali mnyamata ndi mtsikana wovina, apa okwiya anali achipembedzo poti tchalitchi cha Orthodox chinamuika Nicholas mgulu la oyera mtima, mpaka magalimoto kuwotchedwa filimu isanatuluke nkomwe. Ndinaionera, ndi filimu wamba ya madiresi okongola, phokoso linaposa katundu. Yamphamvu pa zaka zimenezi kwa ine ndi Dear Comrades ya Andrei Konchalovsky, 2020, ya mmene asilikali anawombera ogwira ntchito ochita sitalaka ku Novocherkassk mu 1962 mitengo ya nyama ndi batala itakwera, boma nkubisa kwa zaka pafupifupi 30.

Ndasiyira dala kumapeto imene ndimaikonda kuposa zonse. Andrei Rublev ya Tarkovsky, analemba ndi Konchalovsky yemwe uja ali anyamata. Inatha 1966, akuluakulu anati ndi yayitali, ndi yankhanza, muli Mulungu wambiri, komanso ikuonetsa makolo athu ngati anthu a mmatope. Inakapata mphotho ya ounika mafilimu ku Cannes mu 1969, kwawo anailola 1971 itadulidwa. Ndisaname, ola loyamba ndinagona kawiri. Ndi maola atatu, mvula, matope, amonke akukangana, ndipo pali malo a kavalo amene anaphedwadi pojambula, zimenezo sindimugwirizana nazo Tarkovsky olo pang'ono. Rublev ndi mmonke wojambula zithunzi za mtchalitchi mma 1400, amasewera Anatoly Solonitsyn. Ataona mzinda wa Vladimir ukuwotchedwa ndi ma Tatar mothandizidwa ndi mbale wake weniweni wa kalonga, iye nkupha munthu poteteza mtsikana wozerezeka, analumbira kuti salankhulanso ndipo sajambulanso.

Nde pakubwera chigawo cha belu. Anthu a kalonga akufuna mmisiri woumba belu lalikulu la tchalitchi, apeza mudzi wonse watha ndi mliri, watsala mnyamata mmodzi wowonda dzina lake Boriska, amasewera Nikolai Burlyayev. Mwanayo akuti nditengeni ine, bambo anga anandiuza chinsinsi cha belu asanafe. Amutenga. Ndipo muone mwana ameneyu akulamula azibambo a imvi, akukana dothi lililonse limene amupatsa mpaka tsiku lina aterereka pa chiphedi mvula ikugwa nkugwera pa dothi limene amafuna, akukwapulitsa mnzake poti wakana kumvera, akutumiza uthenga kwa kalonga kuti siliva wachepa onjezerani. Aliyense akudziwa kuti belu likapanda kulira mitu idulidwa. Rublev ali pambali phee, akungoyang'ana. Ine pamenepa ndinali nditadzuka, foni ndaigwira ndi manja awiri, chifukwa mwana uyu ndi Tarkovsky mwini, ndi Eisenstein, ndi aliyense amene analandira ndalama za mfumu nkulonjeza chinthu chimene sakudziwa ngati chitheka.

Tsiku lafika, kalonga wabwera pa kavalo ndi alendo ake aku Italy amene akungocheza zawo osalabadira, ansembe adalitsa, munthu ayamba kukankha chitsulo cha mkati chija, chikupita uku, chikubwera uku, chikulira kwii kwii osafika, ndipo Tarkovsky amakusiya pamenepo nthawi yayitali mpaka umayiwala kupuma. Kenako belu lilira. Anthu akukuwa ndi chimwemwe, kalonga watembenuza kavalo wapita osanena ndi zikomo yemwe. Boriska ali yekha pamatope akulira ngati khanda, Rublev amunyamula, ndipo mwanayo akuulula kuti bambo ake sanamuuze chinsinsi chilichonse, anapita nacho kumanda. Apo ndi pamene Rublev amatsegula pakamwa patatha zaka zambirimbiri, kumuuza mwanayo kuti tiye tipite limodzi, iwe uziumba mabelu ine ndizijambula. Filimu yonse inali black and white, pamenepo mitundu imabwera, zithunzi zenizeni za Rublev, zofiira ndi zagolide ndi zabuluu, kenako mabingu, akavalo ataima mmbali mwa mtsinje mvula ikuwagwera.

Inali cha mma 2 koloko usiku, foni inali pa 4 peresenti, ndinabwezera mmbuyo kukayambiranso pamene akufunafuna dothi paja.