Loya athandize anthu ndi malamulo, osati ndi shuga

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lachiwiri lapitali ndinaperekeza azakhali anga ku ofesi ya kampani ina ya maloya mumzinda wa Zomba, chifukwa abale a malemu amuna awo alanda nyumba ndi chigayo, n'kuwauza kuti abwerere kwawo ndi ana atatu. Mlembi wa pa ofesipo anatiuza kuti sitingaonane ndi loya tisanalipire, ndipo ndalama imene anatchula azakhali sangaipeze ngakhale atagulitsa mandasi mwezi wathunthu. Tinatuluka osamva liwu ndi limodzi lomwe la uphungu. Amene anatilozera ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa nkhani za malamulo, ndi mlonda wa pageti.

Lachisanu la sabata yomweyo ndinaona zithunzi za kampaniyo pa Facebook. Maloya ake atchena masuti, wina wanyamula chikho chowayamikira pa ntchito yawo, ena akupereka shuga, sopo ndi mabulangete kwa ana amasiye, ndipo m'munsi alembamo kuti iwo amakonda anthu a m'dera lawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Shuga angathe kupereka wina aliyense. Wogulitsa m'golosale amapereka, amayi a Mvano amapereka, ngakhale ine ndingathe kupereka. Chimene loya ali nacho, chimene enafe tilibe, ndi kudziwa malamulo ndiponso chilolezo choimira munthu m'khoti, ndipo chimenecho ndicho akuchitsekera m'ofesi. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limanena poyera kuti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Loya akanawauza azakhali zimenezi m'mphindi khumi zokha, akanalemba kalata imodzi yokhala ndi chidindo chake, mwina lero ana aja akanagona m'nyumba ya bambo wawo. Kodi si ana amasiye amenewa? Kapena mwana wamasiye amaoneka pokhapokha pamene pali wojambula zithunzi?

Ndikudziwa kuti pali lendi ndi malipiro a antchito, koma zimenezo sizinawaletse kugula mabulangete. Komanso kuthandiza osauka mwaulere si chifundo chongofuna mwini, pakuti lamulo la 2018 loyendetsera ntchito ya maloya limafuna kuti loya azigwirako ntchito yaulere, imene iwo amaitcha pro bono. Ndiye amene mumapereka zikho ndi ulemu, mumawerenga chiyani? Werengani akazi amasiye amene abwezeredwa minda yawo. Werengani antchito ochotsedwa popanda malipiro amene loyayo wawaimira osalandira kanthu. Ngati Malawi Law Society, yomwe ndi bungwe la maloya, ikufuna kuti tizilemekeza mamembala ake, itiuze milandu ya amphawi imene aliyense wa iwo wagwira pa chaka, osati kuchuluka kwa mapaketi a shuga. Thandizo la dokotala ndi mankhwala, la loya ndi malamulo, ndipo sindivomereza zina.

Ndipo ndende ya Zomba ili mumzinda womwewo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48 ndipo mlandu wake uzengedwe m'nthawi yoyenera, koma ku Zomba, ku Chichiri ndi ku Maula kuli anthu amene akhala pa rimandi kwa zaka, ena osaonanapo ndi loya chimangidwire. Kumeneko sindinaoneko chithunzi cha masuti aja.