Madzi osaya akukupusitsani, ana inu

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndikuona masiku ano zandikwana. Mwayamba kunyamula masilinda a mpweya kupita nawo kumitsinje, n'kumalowa pansi pa madzi ngati mukusamba m'bafa. Munthu akakufunsani kuti munaphunzira kuti, mumayankha uku mukuseka: "Aa, madala, madzi ake ngosaya, ukaimirira mutu umatulukira." Mawu amenewa ndi amene adzaike wina wa inu m'manda.

Masiku apitawa ndinaona mnyamata akubwereka mnzake zida. Mnzakeyo anali asanalowepo pansi pa madzi chibadwire. Maphunziro onse anathera m'mawu awa: "Luma apa, uzingopuma." Analowa padziwe la mamita atatu okha. Madzi atamulowa m'masiki, galasi lotchinga maso ndi mphuno, anachita mantha, analavula regulator, kachida koluma pakamwa kopumira mpweya wa m'silinda, n'kutseka pakamwa kuti ndii, ulendo wa pamwamba mothamanga. Anavuuka akutsokomola, dzanja lili pachifuwa, malovu ali ndi timagazi. Anzake anali kumtunda, foni m'manja, akujambula. Ndinachita kuwakalipira kuti amutengere kuchipatala, chifukwa iwo ankati wangomwa madzi, apume pang'ono zisintha.

Sanamwe madzi mwana uja. Mapapo ndiwo anavulala, ndipo chifukwa chake chinadziwika kalekale. Mu 1662 Robert Boyle anaonetsa kuti mpweya ukapanikizidwa umachepa malo, ukamasuka umafufuma. Madzi amapanikiza. Ukatsika mamita pafupifupi 10, mphamvu yokupanikiza imakhala kawiri poyerekeza ndi ya pamtunda. Munthu wongodumphira popanda silinda amatsika ndi mpweya umene anakoka ali pamwamba, umafinyika potsika, n'kubwerera mwakale pokwera, ndipo palibe chovuta. Koma iwe wa silinda umadzaza mapapo uli pansi pomwepo, ndi mpweya wopanikizika kale. Ukakwera utaumitsa pakhosi, mpweyawo umafufuma m'chifuwa ngati baluni, ulibe kotulukira. Mapapo amang'ambika. Tithovu timalowa m'magazi, timafika ku ubongo, ndipo munthu amagwa ngati wachita sitiroko patangopita mphindi zochepa atavuuka.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene mumasocherera. Kuchoka pa mamita 30 kufika pa 20, mpweya umangowonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba, umawirikiza kawiri. Kufufuma kwakukulu kuli kumtunda kuno, m'madzi omwe mukuwadererawa. Ngati mapapo ali odzaza, ngakhale mita imodzi ndi theka ikukwana kuwang'amba. N'chifukwa chake lamulo loyamba limene wophunzira aliyense amauzidwa ndi lakuti usagwire mpweya, uzipuma nthawi zonse, ndipo regulator ikachoka pakamwa uzitulutsa tithovu pang'onopang'ono mpaka utaipeza. Zimenezi sizilowa m'mutu pongomva. Zimafuna kubwereza m'madzi odekha, mphunzitsi ali pambali pako, mpaka thupi lizichita lokha mantha akakugwira. Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga Aqua-Lung, chida chopumira pansi pa madzi, mu 1943, ndipo mabungwe ophunzitsa monga PADI, yomwe inayamba mu 1966, anabwera chifukwa chida chimenechi n'chosavuta kuluma koma n'chosavutanso kufa nacho. Inu mukufuna kudumpha zonsezo ndi kanema wa pa YouTube?

Ndipo inu amene muli ndi satifiketi musaganize kuti ndakusiyani. Ambiri munaphunzirira m'madzi oyera, oima, momwe umaona mnzako ali patali. Mtsinje ndi nyama ina. Madzi ake amayenda osapuma, ndipo munthu wosenza silinda kumsana sangalimbane nawo kwa nthawi yaitali ngakhale zipsepse zake zovala kumapazi zikhale zabwino bwanji. Ukangopalasa matope kamodzi, dzanja lako lomwe suliona. Mumdima umenewo muli mitengo yogwa. Nthambi zake zili ngati sefa: madzi amadutsa, iwe umatsala, ndipo mtsinje wonse umakukanikizira pamenepo. Muli maukonde otayidwa, mawaya, ndi ulusi wa mbedza umene suoneka n'komwe. Ulusi umenewu umakonda kukola pa valavu ya silinda, kuseri kwa khosi, kumene maso safika. Ndinakodwapo ine zaka zapitazo, madzi ake ofika m'khosi mwa munthu woimirira. Kuwala kwa dzuwa ndinkakuona pamwamba panga, koma kudzuka ndinkalephera. Amene anandidula ulusiwo ndi mnzanga, ndi kampeni kake. Akulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Nanga inu mukulowa nokhanokha, opanda mpeni, opanda munthu kumtunda wodziwa nthawi imene mwalowera, mukudalira chiyani?

Pali malo awiri amene sindifuna kumva n'komwe kuti mwayandikirako. Oyamba ndi kumunsi kwa kakhoma kotchinga mtsinje, kamene madzi amasefukira pamwamba pake. Kamaoneka kakang'ono, koma pansi pake madzi amazungulira kubwerera kukhoma, ndipo chimene agwira sachitaya msanga. Achiwiri ndi pakamwa pa paipi kapena pampu yokoka madzi. Mphamvu yake simuiona mpaka itakumatirirani, ndipo pamenepo anthu okoka ndi manja sangakuchotseni.

Zina n'zazing'ono m'maso mwanu. Mtovu wokuthandizani kumira umene munavala m'nyanja ya mchere ndi wolemera kwambiri m'madzi a mumtsinje, chepetsani. Mvula imene yagwa kumtunda, komwe simukuona, imadzaza mtsinje inu muli pansi. Oyendetsa boti sadziwa kuti pansi pali munthu ngati simunaike mbendera yofiira ija ya mzere woyera, ndipo m'madzi osaya mulibe kothawira injini ikamadutsa. Silinda yodzazidwa pafupi ndi utsi wa injini imalowa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umakomola munthu mwakachetechete. Funsaninso okhala m'mbali mwa mtsinjewo za ng'ona, mvuu ndi likodzo musananyowetse phazi. Kufunsa sikuchotsa ulemu.

Koma mtima wanga uli pa inu obwereketsa zida. Mnzako akakupempha kuti "ndilaweko pang'ono," mkanize, ngakhale akwiye. Mutumize akaphunzire kaye. Amene adzaime pamaso pa mayi ake kufotokoza zimene zinachitika ndiwe, mwini silinda.

Ndipo tsiku limene wina adzavuuke akudandaula chifuwa, akubanika, mawu atasintha, akuona zachizimezime, dzanja kapena mwendo utachita dzanzi, kapena akulankhula zosamveka, ikani mafoni pansi. Musamubwezere m'madzi. Mugonekeni chogona, mupatseni oxygen ngati muli nayo, ndipo thamangani naye kuchipatala ngakhale atanena kuti wayamba kupeza bwino. Mukafika, muuzeni dokotala momveka kuti munthuyu amapuma mpweya wa m'silinda ali pansi pa madzi, anatsika mamita angati, ndipo anavuuka nthawi yanji.