Kugumula kapena kukonzanso nyumba yakale: mmene Britain ndi France amasiyanirana

Nyumba yakale ikayamba kuchita ming'alu, denga n'kumadontha, chinyezi n'kumakwera m'makoma kuchokera pansi, ambiri timaganiza kuti mwini wake adzamva kwa injiniya ngati kuli bwino kuigumula kapena kuikonzanso. Koma m'mayiko ena boma limakhala litamuyankhiratu munthuyo kudzera mu msonkho, mmisiri asanagogode n'komwe khoma kuti amve kulimba kwake. Britain ndi France ndi mayiko oyandikana, olekanitsidwa ndi nyanja yopapatiza ya English Channel, ndipo onse ali ndi nyumba zambiri zomwe zatha zaka zoposa 100, komabe malamulo awo amakokera eni nyumba mbali zosiyana kotheratu.

Ku Britain, kontrakitala akamamanga nyumba yatsopano yokhalamo anthu saika msonkho wa VAT pa ntchito yake ndi pa zipangizo zomangira, pomwe akamakonza nyumba yomwe ilipo kale nthawi zambiri amaika msonkho wonse wa 20 peresenti. Msonkhowu umatsika kufika pa 5 peresenti ngati nyumbayo yakhala yopanda anthu kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, koma banja lomwe likukhala m'nyumba yawo yakale silipindula nazo zimenezi. Ngakhale nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, zomwe kale ntchito zina zosintha kamangidwe kake zinalibe msonkho, zinataya mwayiwo mu 2012. Choncho munthu akawerengera ndalama zosinthira denga, mapaipi, mawaya a magetsi ndi mawindo, n'kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu la boma, nthawi zina amapeza kuti kuitana chimakina chogumulira sikusiyana kwenikweni mtengo ndi kukonza.

Lamulo la kumeneko limanenanso mwatchutchu kuti nyumba iwerengedwe kuti ndi yatsopano, yakaleyo iyenera kugwetsedwa mpaka pansi. Kupatula makoma ogawana ndi nyumba zoyandikana nazo, chomwe chimaloledwa kutsala ndi khoma lakumaso lokha, kapena makoma awiri ngati nyumba ili pakona ya msewu, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha khonsolo italamula kuti khomalo lisagwe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe m'misewu ina ya London mumaoneka khoma limodzi la njerwa zakale litaima lokha, litachirikizidwa ndi zitsulo, mawindo ake ali pululu, kuseri kwake kuli dzenje la maziko atsopano. Odutsa mumsewu amaona ngati nyumba yasungidwa, chikhalirecho yapita yonse.

Ku France zinthu n'zotembenuza. Kumanga nyumba yatsopano ndiko kumalipitsidwa msonkho wonse wa 20 peresenti, pomwe kukonza nyumba yomwe yatha zaka zoposa ziwiri kumalipitsidwa 10 peresenti, ndipo ntchito zothandiza kuti nyumba isamataye kutentha, monga kutchingira denga ndi makoma, zimalipitsidwa 5.5 peresenti yokha. Nakonso kuli malire ake, koma oyang'ana kwina: ngati pokonzapo mwasintha gawo lalikulu la maziko kapena la makoma onyamula nyumba, a msonkho amati mwamanga yatsopano, ndipo mumabwerera pa 20 peresenti. Motero mwini nyumba wa ku Britain wofuna kupulumutsa ndalama amasamala kuti asasiye zambiri zili chiimire, pamene mnzake wa ku France amasamala kuti asagwetse zambiri.

Pa zotetezera nyumba za mbiri mayiko awiriwa sasiyana kwambiri. Ku Britain kuli mndandanda wa nyumba zomwe sizikhudzidwa popanda chilolezo chapadera, ndipo ku France lamulo la 1962 lodziwika ndi dzina la André Malraux, nduna ya zachikhalidwe ya nthawi imeneyo, limateteza madera athunthu a m'mizinda yakale. Koma nyumba zambiri zomwe anthu amavutika nazo maganizo sizili pa mndandanda uliwonse, ndi nyumba wamba zomwe zangokalamba.

Umboni woti kukonzanso kumatheka ngakhale pa nyumba zomwe anthu anazitaya kale mtima unachokera kwa akatswiri a mapulani Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal, omwe pamodzi ndi anzawo anakonzanso nyumba 530 za m'midadada itatu ya m'dera la Grand Parc mumzinda wa Bordeaux ku France. M'malo mogwetsa midadadayo, anamanga makhonde aakulu otchingidwa ndi magalasi kumaso kwa nyumba iliyonse, ndipo alendi sanasamutsidwe pa nthawi ya ntchitoyo. Awiriwa analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba pa luso la mapulani a nyumba, mu 2021. Tisaiwale, komabe, kuti France yomweyo yagwetsa midadada yambirimbiri ya nyumba za anthu opeza zochepa kuyambira mu 2003, ndiye sikuti kumeneko chogumulira chinachita dzimbiri. Ku London, nyumba za Robin Hood Gardens, zomwe akatswiri ambiri anachonderera kuti zikonzedwe, zinayamba kugwetsedwa mu 2017.

Ine ndikuona kuti pa nkhani ya msonkho France ili pa njira yabwinopo, ndipo chifukwa chachikulu ndi simenti. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni wa dziko lonse lapansi, ndipo khoma lomwe laima kale linalipira kale ngongole imeneyo. Kuligwetsa ndiye kuti njerwa zatsopano ziwotchedwe, zitsulo zisungunulidwe, ndipo malole atute zigumukire kupita kudzala. N'zodabwitsa kuti Britain, dziko lomwe linakhazikitsa m'malamulo ake mu 2019 cholinga chothetsa kuwonjezera mpweya woipa pofika 2050, likulangabe ndi msonkho munthu wosunga makoma ake. France inawonjezanso chikakamizo china, chifukwa kuyambira mu Januwale 2025 nyumba zomwe zili m'gulu lotsikitsitsa la G pa kasungidwe ka kutentha sizololedwa kuchititsidwa lendi mwatsopano mpaka zitakonzedwa.

Komabe pali nyumba zomwe msonkho wotsika sungazipulumutse, ndipo apa njira ya ku France ili ndi msampha wake. Mayiko onse awiri ali ndi madera a dothi lamakande lomwe limafufuma mvula ikagwa n'kunyala kukachita chilala, ndipo maziko osazama a nyumba zakale amayenda nalo limodzi. Mng'alu wake umadziwika: umatsata mizere ya njerwa ngati masitepe kuchokera pakona ya windo, umakula chakumtunda, ndipo zitseko zimayamba kukana kutsekeka. Kumata mng'alu wotere ndi pulasitala n'kutaya ndalama, chifukwa umabweranso chilimwe chotsatira. Chofunika ndi kukumba pansi pa maziko chigawochigawo n'kuthiramo konkire, ntchito yodula komanso yochedwa, yomwe pa nyumba yaing'ono ikhoza kuyandikira mtengo wa nyumbayo. Mwini nyumba wa ku France akafika pamenepa amakopeka kuti angokonza zapamwamba kuti akhalebe pa 10 peresenti, pomwe ntchito yeniyeni yomwe nyumbayo ikufuna, ikakhudza gawo lalikulu la maziko, imamufikitsa pa msonkho womwewo umene akanalipira akanagumula n'kuyambiranso.