Nanga gogoyo mwawafunsa?

Nkhani ina yomwe ndawerenga ikuti mikangano ya kasamalidwe ka okalamba komanso ya anthu oyandikana nyumba ndi bwino kuithetsa pokambirana pamaso pa mkhalapakati m'malo mothamangira kukhoti. Sindikutsutsa. Za malire a munda, mbuzi zodya chimanga cha eni, madzi akubafa oyenderera pakhomo pa mnzako, izi anyakwawa akhala akuzithetsa kuyambira kalekale. A bungwe la PASI, lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, nawo anaphunzitsa anthu wamba m'midzi ntchito yomweyi, ndipo salipiritsa chabwalo.

Koma pa za okalamba, alembi simunafike pamene pagona nkhani. Banja likakhala pansi, amene mawu ake amamveka ndi mwana wotumiza ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Lilongwe. Mlongo wake wotsala pamudzi, amene amawasambitsa mayiwo, kuwaphikira phala ndi kuwaperekeza kuchipatala, amangouzidwa zochita. Eni akewo safunsidwa n'komwe ngati akufuna kusamukira m'tauni. Nanga mwinimbumba amene diso lake lili pamunda wa gogowo angakhale bwanji mkhalapakati? Ndalama za Mtukula Pakhomo nazonso, wolembedwa ndi wina, wodya ndi wina.

Ndipo chonde, kunena nkhalamba kuti ndi mfiti si nkhani yokambirana pansi pa mtengo. Lamulo lokhudza ufiti la 1911 limaletsa zimenezo. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana. Zikayamba zotere pitani kupolisi tsiku lomwelo, amfumu adzamva pambuyo.